Pa pepala la mlandu alemba kuti "malicious": kodi akunena za mtima wa mlongo wanga?

Nachisale:
Moni nonse a pagulu pano. Funso langa ndi la Chingerezi koma likundisowetsa tulo. Mlongo wanga wamng'ono kumudzi wakangana ndi oyandikana nawo pa nkhani ya malire. Iwo anamanga mpanda wa zidina n'kulowa nawo mizere itatu mbali imene tonse timadziwa kuti ndi ya malemu bambo athu. Iye atadzuka m'mawa n'kuupeza, anatenga khasu n'kugwetsa chigawo china, mwina mamita asanu. Sanakhudze munthu. Apolisi anamutenga, anagona masiku awiri, pano ali pa belo. Pa pepala la mlandu alembapo kuti "malicious damage to property". Mwana wanga wa Fomu 3 wayang'ana mu dikishonale, akuti malice ndi mtima wofuna kuona mnzako akuvutika. Apa ndiye pandibaya. Mlongo wangayu ndi amene ananyamula mayi a nyumba imeneyo pa njinga usiku chaka chatha kupita nawo kuchipatala. Zoti ndi wa mtima wapachala ndikuvomera. Koma kufunira anthu aja zoipa, ayi. Ndithandizeni, mawu amenewa akutanthauza chiyani kwenikweni? Boma likunena kuti iye ndi munthu woipa mtima?

Aphunzitsi Opuma:
Pepani kwambiri achemwali. Mwana wanu sanalakwitse, dikishonale imatero ndithu. Pa Chingerezi cha tsiku ndi tsiku, malice ndi mtima wofunira wina zoipa. Mawuwa anachokera ku Chilatini, malitia, kuchokera pa malus, kutanthauza choipa, ndipo anafika m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa. Ka "mal" kameneko ndi komwe mumakaona pa malnutrition, ngakhalenso pa malaria, amene Ataliyana anawatcha choncho poganiza kuti amabwera ndi mpweya woipa wa m'madambo. Potchula, mphamvu imakhala koyambirira: MA-lis. Koma malicious mphamvu imasamukira pakati: ma-LI-shas. Ine pa zaka zonse zimene ndinagwira choko ndinkauza ana kuti pa Chichewa ndi dumbo.

Mwana wa ku Ndirande:
Dumbo ndi chiyani aphunzitsi? Ine kubadwa konse sindinamvepo. Si nsanje imeneyo?

Agogo a Mphatso:
Mwana wanga, nsanje ndi ina, dumbo ndi lina. Ndikuuze zimene ndinaona ndi maso anga kale kwathu. Bambo wina anafesa nazale ya fodya kudimba, mabedi anayi, akuthirira m'mawa ndi madzulo ndi ndowa. Fodya atatsala pang'ono kuti awokeredwe, munthu anabwera usiku n'kuzula mbande zonse, n'kuziunjika bwinobwino pambali pa chitsime kuti mwini wake adzazione. Sanabe ngakhale imodzi. Sanapindule kanthu. Chimene ankafuna n'chakuti mwini munda uja akafika agwire m'mutu. Limenelo ndiye dumbo. Wakuba amatenga kuti akadye. Wa dumbo chakudya chake ndi misozi yako.

Mwana wa ku Ndirande:
Zikomo agogo, ndamva tsopano. Ife tikanangoti ndi ufiti.

Agogo a Mphatso:
Inde, ambiri masiku ano amatero, "ameneyu ndi mfiti", pomwe sakunena za kutamba. Koma mawu akewo alipo. Amene muli ndi Buku Lopatulika tsegulani Akolose 3:8, pamene Baibulo la Chingerezi lakale lija linalemba malice, athu analemba dumbo, pamzere umodzi ndi mkwiyo ndi kupsa mtima. Muone kuti anazisiyanitsa. Kupsa mtima payekha, dumbo palokha.

Nachisale:
Agogo, ndiye mwandiwonjezera mantha. Zimene mwafotokozazo mlongo wanga sangachite ngakhale ataledzera. Iye anagwetsa mpandawo dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, uku akukuwa kuti malo ndi a bambo ake.

Womasulira ku Khoti:
Mayi Nachisale, khazikani mtima pansi. Ine ntchito yanga ndi yomasulira m'khoti, ndipo mawu amenewa ndimakumana nawo pafupifupi sabata iliyonse. Aphunzitsi ndi agogo anena zoona, koma anena za malice wa kunja kuno. Mawuwa akalowa m'khoti amavala malaya ena.

Mlandu umene mwautchulawo uli pa gawo 344 la Penal Code yathu, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake. Mukawerenga chiganizo chenicheni chofotokoza mlanduwo, chimanena za munthu amene wawononga katundu "wilfully and unlawfully", ndiye kuti mwadala ndiponso mosaloledwa ndi lamulo. Malicious ali pa dzina la mlandu. Woimira boma sakuyenera kuonetsa kuti mlongo wanu amadana ndi anthu aja. Chimene akuyenera kuonetsa n'chakuti mpanda unagwa, anaugwetsa ndi iyeyo, sinali ngozi, ndipo lamulo silinamulole kutero.

N'chifukwa chake ine ndikaimirira kuti ndiwerengere munthu mlandu umenewu ndimati, "Mukuimbidwa mlandu wowononga katundu wa mwini mwadala." Dumbo sindilitchula. Ndili wamng'ono pa ntchito ndinamvapo mnzanga wina akumasulira kuti "munawononga chifukwa cha kuipa mtima". Bambo amene anali m'bokosi uja anayamba kunjenjemera milomo, n'kunena kuti, "Kuthyola ndinathyola, koma kuipa mtima ndikukana." Ndiye taganizani, pamenepo wavomera kapena wakana? Woweruza anachita kuimitsa kaye kuti awerengerenso bwino. Munthu amatha kuvomera chimene manja ake anachita, koma ukamunamizira mtima amalimba khosi mpaka mapeto.

Aphunzitsi Opuma:
Bambo womasulira, ndikulemekeza ntchito yanu, koma apa ndili ndi funso. Ngati opanga malamulo ankafuna kunena kuti mwadala, Chingerezi chili ndi deliberate, chili ndi intentional. Anasankha malicious. Kodi inu pochotsa dumbo simukuchepetsa mawu a eni ake? Womasulira ntchito yake si kufewetsa.

Womasulira ku Khoti:
Funso labwino aphunzitsi. Sindikufewetsa, ndikutsata tanthauzo limene makhoti eniakewo anapereka. Pali wophunzira malamulo pagulu pano, ndikhulupirira afotokoza bwino kuposa ine nkhani ya mita ya gasi ija.

Wophunzira Malamulo:
Ndabwera bambo. Aphunzitsi, zimene mwafunsazo zinafunsidwapo ku England mu 1957, pa mlandu wa R v Cunningham. Mnyamata wina ku Bradford, dzina lake Cunningham, anasowa ndalama. Analowa m'chipinda chapansi cha nyumba ina n'kuzula mita ya gasi pakhoma, chifukwa mamita a nthawi imeneyo ankaponyamo makobidi. Anapezamo mashiling'i 8. Pothawa sanatseke gasi, ngakhale kotsekera kwake kunali pafupi pomwepo. Gasi uja anadutsa m'ming'alu ya khoma n'kulowa m'nyumba yoyandikana, mmene munagona mayi amene anali woti adzakhale apongozi ake. Mayiwo anapuma gasiyo mpaka moyo wawo unali pa chiswe.

Anamuimba mlandu pa lamulo la 1861 limene lili ndi mawu akuti maliciously. Woweruza woyamba anauza ajuli, anthu wamba osankhidwa kuti agamule ngati munthu walakwa, kuti mawuwo akutanthauza wicked, kuipa basi. Anamupeza wolakwa. Atachita apilo, khoti lalikulu linati woweruza uja anasocheretsa anthu. Linati malicious pa lamulo sakufunsa ngati munthu ndi woipa. Akufunsa zinthu ziwiri: kodi anafuna kuti choipa chamtundu umenewo chichitike, kapena kodi anaona kuti chingathe kuchitika koma n'kupitirirabe osalabadira? Linanenanso poyera kuti sipafunika chidani ndi munthu wovulazidwayo. Chigamulo chija anachifafaniza.

Ndiye muone, woweruza weniweni, Mngelezi, Chingerezi chake chobadwa nacho, anapunthwa pa mwala womwewu umene wapunthwapo mwana wa mayi Nachisale.

Aphunzitsi Opuma:
Apa ndaphunzira. Komabe ndinene kuti opanga malamulo anatisokoneza. Mawu amodzi asamakhale ndi nkhope ziwiri pa nkhani yoti munthu akhoza kupita nayo kundende.

Wophunzira Malamulo:
Ambiri a malamulo amagwirizana nanu. Ku England komweko lamulo la kuwononga katundu analilembanso mu 1971, ndipo pofotokoza mlanduwo anagwiritsa ntchito mawu a kufuna ndi kusalabadira m'malo mwa malicious. Ife Penal Code yathu ndi ya nthawi ya atsamunda, inayamba kugwira ntchito mu 1930, ndipo ngakhale yakhala ikukonzedwa, mawu ambiri akale adakalimo.

Pamene pamavuta kwambiri ndi pa mlandu wakupha. Gawo 209 limati munthu wapalamula murder ngati wapha mnzake "of malice aforethought". Munthu wamba akamva amaganiza kuti ndi chiwembu chimene unachikonza kwa masabata uli ndi chidani mumtima. Koma gawo 212 likamafotokoza, limati n'zokwanira ngati unafuna kupha kapena kuvulaza kwambiri, kapena unkadziwa kuti zimene ukuchitazo zikhoza kupha kapena kuvulaza kwambiri. Maganizowo akhoza kubwera pa mphindi yomweyo. Ngakhale munthu amene wapha wodwala wake chifukwa chomumvera chisoni, pa lamulo ali ndi malice aforethought, pomwe mumtima mwake mulibe dumbo ngakhale pang'ono.

Jere wa ku Chipata:
Kuno ku Zambia n'chimodzimodzi. Kupha kuli pa gawo 200, ndipo malice aforethought amaifotokoza pa gawo 204. Malamulo athu ndi anu anachokera m'thumba limodzi. Pa wailesi za Chinyanja kuno amangoti "kupha mwadala", pamene manslaughter amati "kupha mosafuna" kapena "mwangozi".

Womasulira ku Khoti:
A Jere, "mwangozi" imeneyo inenso imandivuta. Munthu amene wamenya mnzake chibakera, mnzakeyo n'kugwera pamwala n'kufa, kumenyako sikunali ngozi. Chimene sanafune ndi imfayo. Ine ndimakonda "kupha munthu mosakonzekera" kapena kungofotokoza bwinobwino ndi chiganizo chathunthu. Kuli bwino kutalikitsa kusiyana n'kumupatsa munthu mawu amodzi olakwika.

Namoyo wa ku Leeds:
Ndawerenga zonse ndipo ndikufuna ndichenjeze pang'ono, kuti wina asachoke pano akuganiza kuti malicious akalembedwa pa pepala la ofesi ndiye kuti nthawi zonse alibe mano. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno. Chaka china ndinalemba dandaulo nditaona mnzanga wa ntchito akumukoka gogo wina mwankhanza pomuchotsa pabedi. Mkono wa gogoyo unachita mikwingwirima, ndinauona ndi maso pomusambitsa. Patapita masabata awiri ndinaitanidwa mu ofesi. Mnzanga uja anali atayankha kuti dandaulo langa linali "malicious allegation". Pamenepo tanthauzo lake silinali "mwadala". Dandaulo lililonse munthu amalemba mwadala. Ankatanthauza kuti ndinanama ndikudziwa, n'cholinga choti iye achotsedwe ntchito. Limenelo ndi dumbo lenileni la agogo lija, ndipo akanakhulupirira, wochotsedwa ndikanakhala ine.

Ndinalira m'basi ulendo wonse wobwerera kunyumba. Chimene chinandipulumutsa n'chakuti ndinali nditalemba tsiku, nthawi ndi zimene ndinaona m'buku la malipoti usiku womwewo. Atafufuza anati dandaulo langa linali "made in good faith", ndiye kuti ndinalipereka ndi mtima woona. Achibale amene muli kunja kuno, mawu awiriwa muwadziwe. Dandaulo likhoza kupezeka kuti linalibe umboni wokwanira koma osakhala malicious. Wina akakulemberani mawu amenewa musangoti ndi Chingerezi chabe, muyankhe polemba.

Nachisale:
Pepani achemwali, munadutsa m'zowawa. Ndiye tsopano ndingadziwe bwanji kuti apa akunena za mtima, apa akunena za dala?

Wophunzira Malamulo:
Mayi, muziyang'ana mawu amene ayandikana nawo. Akakhala pa dzina la mlandu wa kuwononga kapena kuvulaza, monga malicious damage, funso limakhala la dala kapena kusalabadira. Akakhala pa zonena kapena zodandaula za munthu, monga malicious allegation, malicious rumour, malicious prosecution, pamenepo cholinga cha munthuyo chimalowamo: ankadziwa kuti n'zabodza, kapena ankafuna china chake choipa osati chilungamo. Zimene akumana nazo a Namoyo zili m'gulu lachiwirili. Za mlongo wanu zili m'gulu loyamba.

Mtolankhani:
Ife a nyuzipepala tili ndi wathu malice wachitatu. Ku America mu 1964 kunali mlandu wa New York Times v. Sullivan. Nyuzipepalayo inasindikiza mu 1960 chilengezo cha anthu ochirikiza Martin Luther King, ndipo munali tina tolakwika pa zimene apolisi a ku Montgomery, m'chigawo cha Alabama, anachita. L. B. Sullivan, amene ankayang'anira apolisi kumeneko, anasuma ndipo khoti la kwawoko linamupatsa madola 500,000. Khoti lalikulu la dziko lonse linagubuduza chigamulocho. Linati wa udindo m'boma sangapambane mlandu woipitsiridwa mbiri pokhapokha ataonetsa "actual malice". Ndipo linafotokoza kuti mawuwa akutanthauza kuti wolembayo ankadziwa kuti n'zabodza, kapena sanasamale n'komwe ngati zili zoona kapena ayi. Mtolankhani akhoza kudana nawe ndi mtima wake wonse, koma ngati anakhulupirira moona kuti zimene walemba n'zoona, actual malice palibe. Limeneli ndi lamulo la ku America, lisatengedwe ngati la kwathu kuno.

Mwana wa ku Ndirande:
Mutu wayamba kuzungulira. Nanga spite, grudge, envy, zonsezi si chinthu chimodzi? Pa mayeso a MSCE tinkangoti ndi ma synonym.

Aphunzitsi Opuma:
Apa ndiye pabwalo panga, mwana wanga. Ndi apachibale koma si munthu mmodzi.

Grudge ndi mangawa, kapena chakukhosi. Pamakhala chimene anakulakwira kale, iwe n'kuchisunga. N'chifukwa chake grudge amawerengeka, umatha kunena "a grudge", chifukwa mlandu wake ndi wodziwika: mbuzi ija, ngongole ija, mawu aja a pamaliro. Malice sawerengeka. Sunganene "a malice" kapena "malices". Umati "out of malice", "without malice", kapena "he bears no malice". Komanso si mneni. Ndinkapeza ana akulemba kuti "he maliced me", ndipo cholembera changa chofiira chinkagwira ntchito pamenepo.

Envy ndi kaduka kapena njiru: mnzako ali ndi chimene iwe ulibe, ndipo chikukuwawa. Munthu akhoza kukhala ndi kaduka n'kungodzimvera kuwawako yekha m'nyumba mwake osakuchita kanthu. Kaduka akakula n'kufika pofuna kuti nyumba ya malata ya mnzakoyo ipse, wabereka malice.

Spite ndiye ali pafupi kwambiri, koma amakhala wa tinthu ting'onoting'ono, toti umuwawitse mtima mnzako basi. Kutaya ndiwo zotsala mnzako ali ndi njala, kutseka kanjira kachidule kodutsa pakhomo pako kamene anthu akhala akudutsa zaka zonse. Ine ndimati chipongwe. Koma chenjerani, "in spite of" alibe chipongwe chilichonse, amangotanthauza "ngakhale".

Animosity ndi udani woonekera, woti mudzi wonse ukudziwa kuti awiriwa sapatsana moni. Malice amatha kubisala. Munthu akukusekerera, akudya nawe m'mbale imodzi, ali ndi kampeni kumphasa.

Agogo a Mphatso:
Aphunzitsi mwalongosola bwino, koma njiru ndi kaduka musaziphatikize msanga. Mmene ndinakulira ine, wa njiru amakhala wafika kale pochita. Timati "wandichita njiru". Pa Tito 3:3 dumbo ndi njiru anaziika moyandikana, ndipo ndimaona kuti n'chifukwa chakuti zimayendera limodzi ngati mapasa.

Aphunzitsi Opuma:
Ndavomera amayi. Madera amasiyananso pa mawu amenewa. Kumene ndinaphunzitsako ku Ntchisi ndi kumene ndinaphunzitsako ku Mulanje sankawagwiritsa ntchito mofanana ndendende.

Mwana wa ku Tete:
Ndiponyepo za kuno ku Mozambique, chifukwa zinandichititsa manyazi. Pa Chipwitikizi tili ndi malícia, kalembedwe kake pafupifupi n'kamodzi. Koma nthawi zambiri timanena za ukathyali, kuchenjera kwa munthu wodziwa zinthu, kapena kulankhula mawu okhala ndi tanthauzo lachiwiri la zachikulu. Mwana wosadziwa kanthu timati alibe malícia. Wosewera mpira wodziwa kupusitsa mnzake timati ali nayo, ndipo n'kumuyamikira. Kuipa mtima kwenikweni timati maldade. Nditapita ku Blantyre kukachita maphunziro, ndinauza mnzanga wina pa Chingerezi kuti ali ndi malice pa mpira, ndikuganiza kuti ndikumutama. Anasiya kundilankhula masiku atatu mpaka wina anatiyanjanitsa. Amene mumadziwa zinenero ziwirizi samalani.

Mnyamata wa Makompyuta:
Kwathu ku makompyuta mawuwa timawaona tsiku lililonse. Malware ndi chidule cha malicious software, pulogalamu yopangidwa kuti ibe kapena iwononge. Foni ikakuchenjezani kuti "malicious link", musadine. Amene anaipangayo sakukudziwani n'komwe, sakudana nanu, akungofuna ndalama za mu akaunti yanu.

Mlimi wa ku Mchinji:
Ine ndilankhuleko mbali ina, mundikhululukire mayi Nachisale. Tonse pano tikutonthoza inu, koma anthu a mpandawo palibe akuwalankhulira. Kuumba zidina si masewera. Kukumba dothi, kuponda, kutunga madzi, kudikira ziume, kulipira womanga. Iwo ataona thukuta lawo lili pansi, mukuganiza kuti anaona chiyani? Kwa iwo limenelo ndi dumbo basi, kaya dikishonale itero kaya isatero. Inuyo mumaudziwa mtima wa mlongo wanu chifukwa munakulira limodzi. Iwo anangoona khasu. Akulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Bwanji sanapite kwa amfumu asanagwire khasulo?

Nachisale:
Bambo a ku Mchinji, mawu anu ndi owawa koma sindingawakane. Kwa amfumu anapitako kamodzi mpanda usanamangidwe, anauzidwa kuti adikire. Atangoona kuti anthu amanga iye akudikira, mutu unaima. Sindikunena kuti anachita bwino. Chimene ndimakana n'chakuti alembedwe ngati munthu wokondwera ndi kulira kwa anzake.

Womasulira ku Khoti:
Bambo a ku Mchinji akhudza chenicheni. Chifukwa choti mtima wa munthu suoneka, khoti limafunsa zimene zingathe kuonetsedwa ndi mboni: anachita, ankadziwa, anali ndi ufulu wotero kapena ayi. Za dumbo zimatsalira anthu a m'mudzi, ndipo kunena zoona kumeneko ndi kumene mlongo wanu ali ndi ntchito yaikulu, chifukwa khoti likatha adzakhalabe moyandikana ndi anthu aja, adzatunga pa mjigo umodzi.

Mfundo ina, mayi. Mwanena kuti ankakuwa kuti malo ndi a bambo ake. Zimenezo musaziponye pansi. Penal Code ili ndi gawo lonena za munthu amene wachita kanthu pa katundu akukhulupirira moona mtima kuti ali ndi ufulu wotero. Ngati lingamuthandize pa nkhani yakeyi kapena ayi, anganene ndi loya ataona zonse, chifukwa malo akhoza kukhala anu koma zidina n'kukhala za eni ake. Pitani ku Legal Aid Bureau ngati ndalama ya loya palibe. Ndipo asakayankhe kuti "ndikuvomera" kapena "ndikukana" asanamvetse bwino chimene akuwerengeredwa. Ali ndi ufulu wopempha kuti amubwerezere m'Chichewa chomveka.

Wophunzira Malamulo:
Ndiwonjezere kuti pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pa anthu, khoti limatha kupereka mpata woti mbali ziwiri zikambirane n'kugwirizana. Loya akakuuzani ngati uwu uli m'gulu limenelo.

Aphunzitsi Opuma:
Poti takambirana kwambiri za makhoti, ndikumbutse kuti mawuwa ali ndi malo enanso amene amamveka bwino. Abraham Lincoln polumbira kachiwiri ngati pulezidenti wa America pa 4 Malichi 1865, nkhondo yapachiweniweni ili pafupi kutha, anthu oposa 600,000 atafa, ananena kuti "with malice toward none, with charity for all". Ndiye kuti popanda kufunira aliyense zoipa, koma ndi chikondi kwa onse. Sananene kuti adani ake sanalakwe, ndipo nkhondoyo sanaisiye pakati. Ananena kuti sakufuna kuwaona akuvutika chifukwa chongofuna kubwezera. Patangotha milungu isanu ndi umodzi anamuwombera. Ndimatchula zimenezi chifukwa Mngelezi akati "I bear you no malice" amakhala akunena zimene ife timati "ndilibe nawe chifukwa" kapena "ndilibe nawe mangawa". Mlandu ukhoza kukhalapo, koma mtima wofuna kuti uone zakuda palibe.

Namoyo wa ku Leeds:
Mawu amenewo ndi amene ndinamuuza mnzanga uja titakumana pa khomo la ntchito nkhani itatha. Sanandiyankhe, koma ine ndinapepukidwa.

Nachisale:
Ndabweranso. Ndamuimbira mlongo wanga usiku uno, tayankhula pafupifupi ola lathunthu mpaka mayunitsi kutha. Nanenso sindimadziwa kuti nkhani ya mawuyi imamudya. Wina kupolisi anamuuza kuti pepalalo likutanthauza kuti iye ndi "munthu wa nkhanza", ndipo kuyambira tsiku limenelo sakudya bwino. Ndamuwerengera zimene analemba bambo womasulira, kuti ndi kuwononga katundu wa mwini mwadala. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Dala ndiye ndinachitadi dala, achemwali." Ndamuwerengeranso za bambo a ku Mchinji, za thukuta la zidina. Pamenepo sanayankhe, ndinangomva akupuma.

Amalume athu apita kale kwa amfumu, ndipo agwirizana kuti Loweruka mbali zonse zikakhale pansi pa nkhani ya malire, akuluakulu amene anaona bambo athu akulima malowo akakhalepo. Mlongo wanga wanena yekha kuti zidina zimene anagwetsazo aumba zina, kaya malire apezeka kuti ndi athu kaya ayi. Ine ndinyamuka Lachisanu, ndipo Lolemba tikafika ku Legal Aid.

Bambo womasulira, funso lomaliza. Akakafika pamaso pa anthu aja Loweruka, pa Chichewa anene kuti chiyani, poti nkhani ili kale kukhoti?

Womasulira ku Khoti:
Ngati n'kotheka, yambani mwaonana ndi a Legal Aid Loweruka lisanafike, ngakhale pa foni, chifukwa zimene angakanene pabwalo la amfumu zikhoza kudzatchulidwa kukhoti. Muonenso pa pepala la belo ngati sanamuletse kukumana ndi mboni za boma. Ngati anamuletsa, amalume akalankhule m'malo mwake, iye asapiteko. Zikakhala kuti zonse zili bwino, mawu ake asachuluke. Akawauze mayi aja kuti anapsa mtima, kuti alibe nawo chifukwa, ndi kuti zidina aumba. Za malire azisiyire amalume ndi amfumu. Lolemba musaiwale kutenga pepala la mlandu ndi la belo, onse awiri.